Musanabide gitala yakale pa intaneti, yambani mwaona amene akhala m'basimo

Aliyense amene anakwerapo minibasi m'tauni muno amawadziwa anthu aja okhala pa mipando ya pawindo, wina atafungatira chikwama, wina akuwerenga nyuzipepala yadzulo. Ng'wang'wazi akukuwa kuti kwatsala awiri okha. Musuzumira, muona kuti zoonadi yadzaza, mukwera, mulipira. Posakhalitsa wachikwama uja atsika, wanyuzipepala naye atsika, ndipo mupeza kuti apaulendo enieni muli atatu. Enawo sanali kupita kulikonse. Ganyu yawo inali yongokhala pampando kuti inu mukopeke.

Pa okushoni ya pa intaneti anthu amenewa aliponso. Pa Chingerezi amati shill bidding: wogulitsa, kapena m'bale wake, kapena iye mwini pa akaunti yachiwiri, amabida, ndiko kuti kunenerera mtengo, pa katundu wake yemwe kuti mtengo ukwere. Ine ndimakonza magitala ku Chilenje mu Lusaka, m'kachipinda kamene kanali galaja ya apongozi anga, ndipo ambiri amene amandibweretsera ndi a makwaya ndi a anyamata oimba m'mabala kumapeto kwa sabata. Masiku ano mwezi sutha osabwera wina ndi foni m'manja, kundionetsa gitala ya ku America kapena ku Japan, n'kufunsa kuti, "Mudala, iyi ili bwanji? Anthu akuilimbirana, onani mabidi." Ndimayankha chimodzimodzi nthawi zonse: mabidi si umboni wa kalikonse. Ndinaziphunzira ndi ndalama zanga.

Amalume anga ku Katete anali ndi Yamaha FG-180, ija ya kapepala kofiira mkati kolembedwa kuti Nippon Gakki. Magitala amenewa anayamba kupangidwa ku Japan mu 1966. Ya amalumeyo inaphwanyika pa ngolo popita ku chinkhoswe ine ndili mwana, koma kalilidwe kake sikanachoke m'makutu mwanga. Tsiku lina ndinaipeza inzake pa webusaiti ina yaikulu ya okushoni, yoyambira pa madola 99, ya masiku 7. Pa tsiku lachiwiri mtima unandithamangira, ndinalemba malire anga onse: madola 450. Panali munthu mmodzi amene ankaoneka kuti akuifunadi. Anafika pa 180 n'kulekera pomwepo, ndipo ine ndinali patsogolo pa madola 182.50. Ndinagona ndikumwetulira.

Lachinayi kunatulukira wina wopanda mbiri iliyonse ya kugula, ziro pafupi ndi dzina lake. Anaponya 200. Patatha mphindi imodzi, 225. Kenako 250, 275, 300, kumangokwera makwerero ngati munthu wogogoda khoma kufuna kumva pamene pali mphako. Pa 455 anandidutsa. Pasanathe ola anachotsa mabidi ake, ati analakwitsa polemba nambala, mtengo n'kubwerera pa 182.50. Ine kupusa, ndinathokoza Mulungu. Loweruka kunabwera wachitatu, nayenso watsopano, ndipo anaponya kamodzi kokha: 445. Makina anandikwezera pa 450, ndendende pa malire anga, okushoni n'kutha. Kusiyana kwa 182.50 ndi 450 ndi madola 267.50, ndipo amenewo ndinalipirira anthu amene sanali pa ulendo. Mayi a kunyumba atamva anangoti, "Ndiye kuti anakusechani m'thumba inu muli maso?" Ndinasowa choyankha.

Kuti mumvetse mmene anandigwirira, muyenera kudziwa mmene makinawo amabidira. Titenge eBay, webusaiti ya okushoni imene inayamba mu 1995 ndipo ndi kumene ambiri a ife timayambira. Mukalemba malire anu, makina saonetsa nambala yonseyo. Amangokuikani patsogolo pa wachiwiri ndi kasitepe kamodzi, ndipo wina akabida, amakukwezerani okha mpaka malirewo atakwana. Masitepewo ndi oikika: pakati pa madola 100 ndi 250 ndi madola 2.50, kuchoka pa 250 kufika pa 500 ndi madola 5, kenako 10 mpaka pa 1,000, kenako 25 mpaka pa 2,500. Njirayi ndi yabwino ngati onse ali oona mtima, chifukwa mumalipira kungopitirira pang'ono pa zimene mnzanu analolera. Koma tanthauzo lake ndi lakuti mtengo wanu amaupanga ndi munthu wachiwiriyo. Akakhala wabodza, mtengonso ndi wabodza. Ndipo malire amene mwalemba msanga ali ngati ndalama zimene mwazisiya pansi pa mphasa m'nyumba ya eni, kwa masiku asanu.

Kuwerenga mbiri ya mabidi

Dinani pa chiwerengero cha mabidi kuti mndandanda wonse utseguke. Mayina amabisidwa, mumangoona zilembo ziwiri ndi tinyenyezi pakati, koma nthawi ndi ndalama zimaoneka, ndipo mmenemo ndi mmene muli nkhani. Musawerenge mabidi, werengani anthu. Mabidi 38 ochokera kwa anthu atatu si mpikisano, ndi phokoso. Tsegulaninso pamene pamaonetsa mabidi a makina, kuti musiyanitse zimene munthu analemba ndi dzanja ndi zimene makina anamuyankhira.

Chimene chimandiimitsa tsitsi kwambiri ndi bidi yochotsedwa. Pansi pa mndandandawo pamalembedwa ngati wina anabweza bidi yake. Lamulo la eBay limalola kubweza ngati munthu walakwitsa nambala, ndipo kukakhala kuti kwatsala maola oposa 12, mabidi ake onse amafufutika. Wogogoda khoma uja amadalira mpata umenewu: akwera mpaka akudutseni, aona pamene munathera, atuluka, mnzake n'kudzaima pansi panu penipeni. Mukaona wina wakudutsani n'kubweza, kenako wachilendo waima sitepe imodzi pansi pa malire anu, musafunsenso kwa sing'anga.

Kenako pitani pa katundu wina wa wogulitsa yemweyo, amene akugulitsa pano ndi amene anagulitsa kale. Onani ngati wobida wa chiwerengero chofanana cha mbiri akupezeka pa zinthu zosagwirizana: lero gitala, mawa makina osokera, mkuja nsapato, nthawi zonse akubida koma osapambana. Munthu wotani amene amafuna zonse za wogulitsa mmodzi koma osagula chilichonse? Onaninso ngati gitala yomweyo inagulitsidwa kale n'kubwereranso. Yerekezerani nambala yake, mikwingwirima ya pa thabwa, pamene penti inasupuka. Wogulitsa amalemba kuti wopambana sanalipire. Zimachitikadi, osalipira ndi ambiri. Koma ikabwerera kachitatu, ndiye kuti wopambanayo amadya naye mbale imodzi. Okushoni imene wogulitsa wasankha kubisa obida onse ine ndimangoidutsa. Pa mankhwala kapena zovala zamkati chinsinsicho n'chomveka, koma pa gitala akubisa chiyani?

Ndisanamizire anthu osalakwa. Si aliyense wobida pang'onopang'ono amene ali wakuba. Ambiri ndi achilendo chabe, amaponya madola asanu, makina awadutsa, apsa mtima, aponyanso. Inenso ndinayamba choncho, ndi ziro pafupi ndi dzina langa. Chizindikiro chimodzi sichikwanira. Zikakumana zitatu, tsikani basiyo. Simufunika kutsimikizira khoti lililonse, mukungoteteza thumba lanu. Ndipo musaganize kuti awa ndi masewera a ana. Mu 2000 loya wina wa ku California, Kenneth Walton, ndi anzake anakweza ndi mabidi abodza chithunzi chimene anachinamizira kuti chinajambulidwa ndi katswiri wotchuka Richard Diebenkorn, mpaka chinafika pa madola 135,805 pa eBay. Nkhaniyo inathera m'khoti, ndipo iye anavomera mlandu.

Mtengo weniweni umapezeka kuti

Mabidi abodza ndi theka chabe la vuto. Theka linalo ndi mitengo yofufuma imene palibe amene akuilipira. Munthu aika gitala pa madola 3,000, wachiwiri aona, aika yake pa 3,200, wachitatu pa 3,500, ndipo zitatu zonsezo zikhala pamenepo chaka chathunthu zikuchita fumbi. Inu mukafufuza muona mitengo itatu yogwirizana n'kuganiza kuti ndiwo msika. Ku msika wa Soweto mayi akakuuzani mtengo wa thumba la kapenta, mumadziwa kuti umenewo ndi poyambira kukambirana. Nanga bwanji pa intaneti timaiwala?

Fufuzani zimene zinagulidwa, osati zimene zikugulitsidwa. Pa eBay pali posankha kuti muone zogulidwa zokha, za masiku 90 apitawo. Pa Reverb, msika wa zida zoimbira umene unayamba ku Chicago mu 2013, pali Price Guide imene imaonetsa mitengo imene anthu analipiradi. Kumeneko malonda ambiri ndi a mtengo woikika kapena onenerera, choncho ndi pabwino poyezera ngati okushoni yapenga. Tengani pepala, lembani mitengo khumi ya gitala ya mtundu womwewo, ya zaka zomwezo, yofanana kakhalidwe. Fufutani iwiri ya pamwamba ndi iwiri ya pansi. Zotsalazo ndizo zoona. Samalani ndi mtengo wodulidwa ndi mzere: umenewo ukutanthauza kuti wogulitsa anavomera ndalama zocheperapo, ndipo nambala yeniyeni simukuiona. Samalaninso ndi umodzi umene wauluka patali ndi inzake. Okushoni ikatha imalembedwa kuti yagulidwa ngakhale wopambanayo asalipire, ndipo ochenjera amadziwa kuti mtengo wabodza umodzi wotere umakhala chikwangwani chimene adzalozere mawa pogulitsa inzake.

Palinso chinyengo cha mayina akuluakulu. Mu June 2019 gitala yakuda ya Fender Stratocaster ya David Gilmour, woimba wa gulu la Pink Floyd, inagulidwa pa madola 3,975,000 ku nyumba ya okushoni ya Christie's, ndipo mu June 2020 Martin D-18E ya Kurt Cobain wa gulu la Nirvana inapitirira madola 6 miliyoni ku Julien's. Ogulawo sanali kulipirira thabwa ndi mawaya. Ankalipirira manja amene anaigwira, ndi mapepala otsimikizira zimenezo. Koma wogulitsa wamba amalemba mayina otere pa gitala yake ngati kuti ulemerero umapatsirana ngati chimfine. Kunonso zayamba. Chiyambire pamene malekodi a Zamrock, nyimbo za rock za ku Zambia za m'ma 1970, anayamba kufunidwa kunja, gitala iliyonse yakale yotuluka m'siling'i ku Matero kapena ku Kitwe imabwera ndi nthano yakuti inaimbidwa ndi wakutiwakuti. Funsani chithunzi cha woimbayo ataigwira, chimene zipsera zake zikugwirizana ndi za gitala imene ili patsogolo panu. Popanda chimenecho, lipirani gitala, nthanoyo alandire zikomo.

Ngakhale mawu akuti vintage asakuledzeretseni. Kukalamba pakokha si ubwino. Gibson Les Paul Standard za 1958 mpaka 1960 ndi zodula chifukwa zinapangidwa zochepa, zosakwana 2,000, ndipo oimba otchuka anazikonda. Ma Fender opangidwa kampani ya CBS isanagule fakitaleyo mu January 1965 amadula kuposa a pambuyo pake, ndiye chifukwa chake wogulitsa aliyense amafuna kuti yake ikhale ya 1964. Koma m'zaka zomwezo munapangidwanso magitala ambirimbiri otchipa amene anali ovuta kuimba ali atsopano, ndipo lero ndi ovuta kuimba ali okalamba. Chimodzimodzi mawu akuti lawsuit, kutanthauza mlandu wa kukhoti, amene amamatidwa pa gitala iliyonse ya ku Japan. Mlandu umene ulipo ndi wa 1977, eni ake a Gibson atasumira kampani yogulitsa Ibanez ku America chifukwa cha kaumbidwe ka mutu wa gitala. Ena onsewo angobwereka dzina.

Itembenuzeni, muione kumimba

Chaka chatha m'bale wina wa kwaya ya ku Kabwata anabwera ndi Stratocaster imene mlamu wake anamugulira kunja, ati ya 1964. Anaitulutsa m'bokosi ngati akutulutsa khanda. Ndinamasula mawaya, n'kuchotsa masikuluwu 11 a pulasitiki ya pamimba, n'kuitembenuza. Kumbuyo kwa mapoti, tizitsulo tozungulira tija timene timakweza ndi kutsitsa mawu, kumakhala manambala. Ndinapukuta ndi chala n'kuwerenga: 1377412. Atatu oyambawo, 137, ndi kampani ya CTS imene inapanga potiyo. 74 ndi chaka. 12 ndi sabata ya chakacho. Mapoti onse atatu anali a 1974. Poti imatha kusinthidwa ikafa, zoona, choncho ndinayang'ana mtovu wolumikizira mawaya. Unali wotuwa, wosakhudzidwa, wofanana paliponse. Palibe amene analowamo chiipangire. Mimba yonseyo inali ya 1974. Nditamasula khosi ndinapeza mabowo akale atatsekedwa ndi timitengo, atsopano ataboola pambali. Kambale kachitsulo ka kumbuyo kokhala ndi nambala yoyamba ndi L ndiko kokha kanali ka nthawi imene ankanenayo, ndipo kambale kameneko kamangogwira ndi masikuluwu anayi. Aliyense angakasamutse.

M'baleyo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Koma imalira bwino, eti mudala?" Ndinati imalira bwino kwambiri, ndipo sindinaname. Vuto linali ndalama zimene mlamu wake analipira.

Inu simungamasule gitala imene ili ku Texas, koma mungapemphe zithunzi, ndipo wogulitsa woona mtima amene akufuna madola masauzande sakana. Pemphani kumbuyo kwa mapoti, manambala akuoneka. 304 ndi kampani ina, Stackpole, ndipo kawerengedwe kake ndi komweko. Pa Fender pemphani tsinde la khosi pamene pamalembedwa deti, ndi mphako imene khosilo limalowamo. Kumbukirani kuti mutu waukulu wa Stratocaster unayamba chakumapeto kwa 1965, ndipo khosi logwira ndi masikuluwu atatu linayamba mu 1971. Pa Gibson pemphani kumbuyo kwa mutu pa kuwala kwa dzuwa, chifukwa pamenepo ndi pamene amathyokera, ndipo mmisiri waluso amabisa chilondacho ndi penti yakuda pang'ono. Kuyambira 1977 nambala ya Gibson ya manambala 8 imanena chaka pa nambala yoyamba ndi yachisanu, koma za m'ma 1960 zinkabwerezedwa, moti nambala yokha singakuuzeni chaka. Kachivundikiro ka pamutu kooneka ngati belu kamagwira ndi masikuluwu awiri pa Gibson yeniyeni. Mukaona atatu pa gitala yolembedwa Gibson, imani. Zabodzazi si zochepa: mu November 2024 akuluakulu a kasitomu ku America analengeza kuti agwira magitala abodza a Gibson oposa 3,000 pa doko la Los Angeles.

Funsani mosapita m'mbali ngati penti ndi yoyambirira. Amalonda a magitala akale amawerengera kuti yopentedwanso imataya pafupifupi theka la mtengo wake, ndipo yothyoka mutu imagwanso kwambiri ngakhale itakonzedwa bwino. Kwa woimba zimenezi ndi mwayi, chifukwa mawu ake sasintha, bola mtengo utsike mogwirizana. Pa gitala ya bokosi pemphani kuti ayeze mpata wa pakati pa waya wonenepa ndi fureti ya 12, kachitsulo ka nambala 12 mwa tija topingasa pa khosi. Mamilimita awiri ndi theka kapena atatu ndi bwino. Ukapitirira anayi pamene kafupa ka pa buliji, pomwe mawaya amatsamira pamimba, kapalidwa kale mpaka kutsala pang'ono kutha, khosi lagwa, ndipo kulikonza ndi ntchito yaikulu. Pomaliza muuzeni alembe deti la lero pa kapepala, akaike pa mawaya, ajambule. Amene anaba zithunzi kwa wina amasowa pomwepo. Mayankho onse akhale olembedwa mkati mwa webusaitiyo, osati pa WhatsApp.

Kuchoka kumeneko kufika pa Lusaka

Nambala imene muli nayo papepala ija si malire anu ayi. Chotsanipo kaye zonse za panjira. Kutumiza gitala m'bokosi lake pa ndege si kotchipa, ndipo pa gitala yotsika mtengo kumatha kulingana ndi mtengo wa gitalayo. Msonkho wa ZRA, bungwe lotolera misonkho, amawerengera pa mtengo wa katundu kuphatikizapo kutumiza ndi inshuwalansi, choncho pitani kwa kiliyaring'i ejenti musanabide, akuwerengereni pa malamulo a chaka chino. Banki nayo imadyapo pa kusintha kwacha kukhala dola, ndipo kwacha imatha kusuntha pakati pa tsiku lobida ndi tsiku lolipira. Ngati ndi nyumba ya okushoni yeniyeni, pamwamba pa mtengo wa nyundo, umene mwapambanira, pamabwera gawo la nyumbayo, kawirikawiri loposa 20 peresenti. Kumeneko werenganinso malamulo awo, chifukwa ambiri amalola woyendetsa okushoni kubida m'malo mwa mwini katundu mpaka pa mtengo wobisika umene anagwirizana. Zimenezo n'zololedwa popeza anazilemba poyera, koma kwa inu zotsatira zake n'zofanana: mabidi oyambirirawo si anthu.

Pali nkhani ya mtengo wa m'nkhalango. Ife a ku Zambia tikudziwa za mukula, umene mu 2019 unalowa pa mndandanda wa CITES, pangano la mayiko loteteza mitengo ndi nyama zimene zili pangozi yotha. Magitala nawo ali ndi mukula wawo, Brazilian rosewood, umene uli pa mndandanda wokhwima kwambiri kuyambira 1992. A kampani ya Martin ankaugwiritsa ntchito mpaka 1969, ndipo uli pa makosi a ma Gibson ambiri a m'ma 1950 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1960, komanso a ma Fender ambiri a 1959 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1960. Gitala yotere siidutsa malire a dziko popanda mapepala, ndipo ikagwidwa ingalandidwe. Mitundu ina ya rosewood inamasulidwa pa zida zoimbira mu November 2019, koma uwu ayi. Wogulitsa akanena kuti angolemba kuti ndi mphatso, dziwani kuti amene adzaluze ndinu.

Ambiri a ife timatumiza katundu ku adiresi ya kampani yonyamula ku America kapena ku UK, iwo n'kutibweretsera kuno. Dziwani kuti chitetezo cha eBay chobwezera ndalama sichikhudza katundu amene wapitirizidwa ndi wonyamula wina atafika kale pa adiresi yoyamba. Lipirani kuti a kampaniyo atsegule bokosi n'kujambula gitalayo isanakwere ndege. Ndalama yochepa imeneyo ndi imene ingakupulumutseni.

Kabidwe kake

Apa mpofupika. Mwachotsa zonse, chatsala ndicho malire anu. Chilembeni pa pepala ndi bolopeni, mupatse wina wa m'nyumba asunge. Musachite nambala yozungulira: m'malo mwa 300 lembani 307.50, kuti mudutse onse amene aima pa 300 ndi 305. Ndiye musabide. Ikani gitalayo pa mndandanda wa zimene mukuyang'anira, muzingoonera masiku onsewo. Pa eBay nthawi ikakwana yakwana, kawirikawiri saonjezera, ndipo kubida kumapeto n'kololedwa. Kutatsala masekondi 8 kapena 10 ponyani nambala yanu yonse, kamodzi. Wogogoda khoma alibenso nthawi yokusechani. Wina akakudutsani ndiye kuti analolera zambiri kuposa inu, mulekeni apite nayo. FG-180 sinapangidwe imodzi.

Vuto lathu ndi nthawi ndi magetsi. Ogulitsa a ku America amakonda kutsekera okushoni Lamlungu madzulo. 19:00 ya ku California ndi 04:00 ya Lolemba kuno, ndipo kuyambira November mpaka March ndi 05:00. Tchajani foni, gulani bandulo, musadalire intaneti ya m'nyumba imene imazima limodzi ndi magetsi. Lowani mu akaunti nthawi ikadalipo, onetsetsani kuti khadi ndi adiresi zili bwino. Ine ndinaluzapo ina chifukwa foni inandifunsa pasiwedi kutatsala masekondi 15, maso ali ndi tulo. Ku Japan n'kosiyana. Pa Yahoo Auctions, kumene timagula kudzera mwa makampani otibidira monga Buyee kapena ZenMarket, ogulitsa ambiri amatsegula zoonjezera nthawi: wina akabida m'mphindi 5 zomaliza, nthawi imaonjezekanso mphindi 5. Kumeneko kubisalira sikuthandiza, chokutetezani ndi pepala lija basi. Ubwino wake, 22:00 yawo ndi 15:00 yathu, mumaluza muli maso.

Mukaluza, kenako tsiku lomwelo n'kulandira uthenga wakuti wopambana wakana, gulani ndinu pa malire anu aja, ganizani kawiri. Njira imeneyi ilipodi ndipo ndi yololedwa, amati Second Chance Offer. Koma taonani chimene chachitika: akukupatsani pa nambala yanu yapamwamba, imene inafikidwa chifukwa cha munthu amene tsopano akuti kulibe. Bwererani pa mndandanda, muchotse mabidi ake onse m'maganizo, muone pamene mtengo ukanaima. Muuzeni wogulitsa kuti mungalipire umenewo. Uthengawo ukabwera pa imelo yokha osaoneka mu akaunti yanu, kapena ukapempha kutumiza ndalama mwachindunji, si wogulitsa n'komwe, ndi wakuba wina amene anangoonera okushoniyo. Zimene mwaona zikukayikitsa zinenezeni kwa eni webusaiti, pali podina pake. Kubida katundu wako n'koletsedwa m'malamulo awo.

Za kuno kwathu pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp, kumene amati bidi iyambire pa K500 ndipo itseka 20:00, n'zosavuta kuposa zonsezi, chifukwa mayina sabisika. Dinani pa amene akukukwezerani mtengoyo, muone anzake. Kawirikawiri mupeza ali pa chithunzi chimodzi ndi wogulitsa, pa kitchen party ya mlongo wake. Osatumiza dipoziti pa mobile money kwa munthu amene simunamuone. Gitala ili mu Lusaka momwemu, kwerani basi mukaigwire, muyang'ane khosi kuchokera kumutu ngati mukuyang'ana mpini wa khasu, mumve fungo la mkati mwa bokosi, muimbe fureti iliyonse.

Mwezi wathawu mphwanga, mwana wa achemwali, anabwera ku galaja ndi nkhope ya munthu amene watulukira nzeru. Mnzake akugulitsa gitala ya bezi pa Facebook, ndiye wamupempha kuti aponyeko mabidi awiri atatu, ingotenthako. "Amalume, si kuba, sindigula ine, ndingothandiza." Ndinamulozera pakhoma pamene pamapachikika FG-180 ija. Inafika patatha milungu isanu, mpata wa pa fureti ya 12 uli mamilimita asanu, chifukwa nthawi imeneyo sindinkadziwa kuti ndifunse. Khosi lake linanditengera Loweruka atatu kuti ndilichotse ndi nthunzi, guluu wake ndi wouma mutu. Ndinamuuza aitsitse, aimbe, kenako ndinamupatsa foni kuti awerenge yekha mndandanda wa mabidi umene ndinaujambula tsiku lija: 200, 225, 250, mpaka 455, kenako 445. Anawerenga kawiri, n'kufunsa kuti wa 445 uja anadziwa bwanji poima.